Mmene ndinaletsera nkhandwe kukumba m'dimba mwanga

Kuno ku Leicester, mzinda wa ku England, nkhandwe zimayendayenda usiku ngati agalu a m'mudzi. Chaka chatha zinandipweteka mtima kwambiri. M'mawa uliwonse ndinkapeza mbande za mpiru zitazulidwa, mizu ili m'mwamba, dothi lili mbwee m'kanjira. Ndinawaza tsabola, mvula n'kumukokolola.

Amayi ena oyandikana nawo nyumba ndiwo anandiunikira kuti vuto linali feteleza wanga wa magazi, nsomba ndi mafupa. Nkhandwe zikamva fungo lakelo zimayesa kuti pansi pakwiriridwa nyama. Ndinamusiya tsiku lomwelo, n'kuyamba kuthira manyowa a masamba owola.

Kenako ndinayala waya wa khola la nkhuku pamabedi, ndinamukhomera zikhomo m'mbali n'kumufotsera ndi dothi pang'ono. Mpiru umamera bwinobwino m'mipata ya wayayo, koma zikhadabo zikamugunda, nkhandwe imagwa ulesi. Chivundikiro cha bini yotayamo zinyalala nachonso ndimachimanga ndi chingwe madzulo. Chaka chino tathyola kale ndiwo katatu.