Momwe mungaonere chionetsero cha masitima ang'onoang'ono a finescale pa wikendi

Abale amene muli ku UK kuno, ngati Loweruka lina mulibe shifiti ndipo mukufuna kupita kwinakwake kosiyana ndi kumashopu, ndikupempheni mukayese chionetsero cha masitima ang'onoang'ono. Ine ndinazidziwa kudzera mwa bambo wina wachikulire amene tinkagwira naye ntchito, tsiku lina pa nthawi ya tiyi anandionetsa chithunzi pa foni yake, siteshoni yakumudzi, njanji zadzimbiri, ngolo zamalasha zitaima pambali, ndinangoti ndi kuti kumeneku, iwo n'kuti ndi m'galaja mwanga. Zonse zija zinali pa thabwa lotalika ngati tebulo lodyera, ndipo anazipanga okha ndi manja kwa zaka zambiri. Kuyambira pamenepo chaka sichitha osapita ku chionetsero, ndiye ndati ndikulembereni momwe mungachitire kuti ulendo woyamba usangothera pongozungulira mu holo n'kutuluka.

Choyamba, mvetsani kaye nkhani ya mamilimita awiri

Musanatuluke m'nyumba mudziwe kuti mawu akuti finescale akutanthauza chiyani, chifukwa mukapanda kudziwa mudzangoona ngati ndi zidole za ana zomwe zija. Masitima ambiri amene amagulitsidwa m'mashopu kuno, a kampani ya Hornby kaya ya Bachmann, ndi a muyeso wa OO, kutanthauza kuti futi imodzi ya sitima yeniyeni imakhala mamilimita 4 pa kasitimako, kapena tinene kuti 1:76. Njanji zenizeni za ku Britain zimatalikirana mamilimita 1435, ndiye mukawerengetsa bwino pa muyeso umenewu zimayenera kutalikirana 18.83. Koma za OO zimatalikirana 16.5 basi. Chinachitika n'choti kalekale timainjini tamagetsi tinali tikuluikulu, sitinkakwana m'thupi la kasitima ka ku Britain pa muyeso wa HO wa 1:87, ndiye opanga anangokulitsa thupi la sitima n'kusiya njanji momwe zinalili. Mukayang'ana kasitima ka OO kuchokera kutsogolo mudzaona kuti mawilo alowa mkati, ngati munthu wamkulu thupi waima atapanikiza miyendo.

Anthu a finescale ndi amene anakana zimenezi. Ena anasankha EM, njanji zotalikirana 18.2, ndipo bungwe lawo la EM Gauge Society lilipo kuyambira 1955. Ena anati ayi tifike penipeni, n'kupita pa 18.83, imeneyi ndiyo P4, ndipo bungwe lawo ndi Scalefour Society. Palinso a 2mm Scale Association amene njanji zawo ndi 9.42, komanso a ScaleSeven a masitima okulirapo pa 33. Kusiyana kwa 16.5 ndi 18.83 ndi mamilimita 2.33 okha, koma munthu akasankha zimenezo ndiye kuti asinthe mawilo onse, amange yekha mphambano za njanji, nthawi zambiri aikenso timasipuring'i pansi pa ngolo, poti kamlomo ka wilo kamene kamagwira njanji sikakwana ngakhale theka la milimita pa P4, njanji ikangopindika pang'ono sitima yagwa. Ine zimandikumbutsa tili ana tikupanga galimoto zamawaya, panali mwana mmodzi nthawi zonse amene sankakhutira kuti galimoto ikuyenda, ankafuna chiwongolero chizikhotetsadi matayala ndiponso chitseko chizitseguka. Anthu amenewa ndi ana aja atakula.

Chachiwiri, sankhani kopita ndi tsiku

Zionetsero zilipo zambiri pafupifupi wikendi iliyonse m'maholo a masukulu ndi a matchalitchi, koma za finescale zenizeni ndi zochepa. Scalefour Society imachita Scaleforum cha mu September. EM Gauge Society imachita ExpoEM, yomwe kwa zaka zambiri yakhala ikuchitikira ku Bracknell mu May. Palinso Railex ku Aylesbury, ku Stoke Mandeville Stadium, nayonso cha mu May, ndipo amene ali ku London akhoza kukwera sitima ku Marylebone. Onani pa intaneti tsiku ndi malo a chaka chimenecho musananyamuke chifukwa malo amasintha.

Ine ndimakonda Lamlungu. Loweruka m'mawa kumadzaza anthu ofuna kugula zinthu zisanathe, pomwe Lamlungu masana mpata umapezeka ndipo eni masitima amakhala atamasuka, amacheza. Koma musafike mochedwa kwambiri, ola lomaliza ena amayamba kulongedza masitima m'mabokosi.

Chachitatu, zonyamula

Nsapato zabwino, mudzaima nthawi yaitali. Ndalama pang'ono za m'manja, ogulitsa ena ang'onoang'ono satenga khadi. Magalasi owerengera ngati mumavala. Mukapita ndi mwana tengani kampando kopinda koti azikwerapo, popeza ma layout ambiri a finescale, matabwa aja amene amamangapo njanji ndi siteshoni, amaikidwa m'mwamba, cha pachifuwa pa munthu wamkulu.

Chikwama chakumsana chisiyeni kunyumba, kapena muchinyamule kumanja. Izi ndikunena motsindika chifukwa ndinaona ndi maso anga, munthu anatembenuka kuti ayankhe mnzake, chikwama chake n'kukola kamtengo ka chizindikiro choimitsira sitima kamene kanali m'mphepete mwa layout, kanathyoka. Mwini wake sananene kanthu, anangokatola n'kukaika m'kabokosi, koma nkhope yake inandimvetsa chisoni tsiku lonse. Kanthu kotero munthu amakhala atakapanga kwa milungu.

Chachinayi, mukalowa musathamangire kuima

Gulani tiketi, tengani kabuku ka pulogalamu pakhomo, kamafotokoza layout iliyonse, muyeso wake, dera ndi zaka zimene ikuonetsa. Kenako zungulirani holo yonse kamodzi mosaima, kungoona kuti kuli chiyani. Mukatha sankhani ziwiri kapena zitatu zimene zakugwirani mtima, mubwerereko, ndipo pa iliyonse mukhalepo mphindi makumi awiri kapena kuposa. Anthu ambiri obwera koyamba amalakwitsa pamenepa, amaima theka la mphindi, aona kuti palibe chikuyenda, amapita. Masitima a finescale sathamanga mozungulira ngati a pansi pa mtengo wa Khirisimasi. Amayenda motsatira ndondomeko ya siteshoni yeniyeni, sitima ya katundu ifika, injini ichoka, ikazungulira, ikatenga ngolo ziwiri n'kukazisiya kumbali, ndipo pakati pake pamakhala bata ngati momwe zimakhalira pa siteshoni yakumudzi masana.

Chachisanu, weramani, apa ndiye pagona nkhani

Musayang'ane kuchokera pamwamba ngati mbalame. Pindani maondo mpaka maso anu afanane ndi njanji, ngati ndinu munthu woima pa pulatifomu, ndipo mudikire. Nthawi yoyamba imene ndinachita zimenezi ndinali pa layout ya P4 yoonetsa kasiteshoni kakang'ono ka m'ma 1950. Kainjini kakuda kanatulukira pansi pa mlatho pang'onopang'ono, liwiro la munthu woyenda pansi, zitsulo za m'mbali mwa mawilo zikukwera n'kutsika mosadukiza, kanafika pa mphambano ya njanji ndipo wilo lililonse linadutsa popanda kugwedera ngakhale pang'ono, kumangomveka kaphokoso kakang'ono pamene njanji zalumikizana. Pa P4 mpata umene wilo limadutsamo pa mphambano ndi pafupifupi 0.7 ya milimita, pa EM ndi milimita imodzi, ndiye mukayang'anitsitsa mudzaona kuti zikuoneka ndendende ngati zenizeni, palibe chibowo chachikulu chimene wilo limagweramo.

Kenako onani momwe amalumikizira ngolo. Ambiri amagwiritsa ntchito katcheni ka mphete zitatu ngati ka sitima zakale zenizeni, ndiye woyendetsa amawerama ndi kandodo kokhala ndi kawaya kopindika ndi katochi kunsonga, n'kukola kamphete kamene inu simungathe n'komwe kukaona bwino, n'kukakoleka pa ngolo inayo. Ena amagwiritsa ntchito mtundu wotchedwa Alex Jackson, kawaya kopyapyala kamene kamamasuka ndi maginito obisika pansi, ngolo imangotsala yokha ngati matsenga.

Mukakhuta zoyenda, yang'anani zoima. Dzimbiri m'mbali mwa njanji pomwe pamwamba pakunyezimira, mafuta akuda pamene injini imakonda kuima, matabwa a ngolo amene lina ndi latsopano ena osuluka, udzu wouma m'mphepete mwa mpanda, mwaye pamwamba pa khomo la mlatho. Zonsezi munthu anazipenta dala, atayang'ana zithunzi zakale. Ndipo suzumirani kumapeto, kuseri kwa chotchinga, kuli malo otchedwa fiddle yard kumene masitima amabisala n'kusinthidwa, kumeneko ndi kumene mumamvetsa momwe thabwa la mamita atatu limaonekera ngati njanji yopita kutali.

Chachisanu ndi chimodzi, chezani nawo koma mwaulemu

Musakhudze chilichonse, ngakhale kaudzu. Musatsamire chotchinga. Chithunzi jambulani koma funsani kaye, ndipo flash izimitseni. Woyendetsa akakhala kuti maso ali pa sitima ndipo m'manja muli chowongolera mudikireni amalize, kenako funsani. Funso labwino loyambira ndi lakuti kodi malo amenewa ndi enieni, ndipo zinakutengerani nthawi yaitali bwanji. Mudzadabwa, anthu amenewa amaoneka osayankhula koma mukangowafunsa za ntchito yawo amatsegula mtima, ena mpaka amanyamula ngolo n'kukuonetsani pansi pake. Nthawi zambiri ndimapezeka wakuda ndekha mu holo yonse, koma sindinalandiridwepo moipa, ndipo ndikanena kuti ndine wa ku Malawi pamapezeka wina wofunsa za njanji za kwathu.

Chachisanu ndi chiwiri, khalani pansi pa tebulo la ophunzitsa

Pa zionetsero za mabungwewa pamakhala matebulo pamene munthu wakhala ndi zida zake akuonetsa luso, wina akumanga njanji, wina akuwotcherera zitsulo zamkuwa ndi soldering iron, wina akupenta. Kutsogolo kwake kumakhala mpando wopanda munthu, mpando umenewo ndi wanu, khalanipo. Ine ndi pamenepo pomwe ndinaonera koyamba momwe amaikira njanji pa timatabwa tating'ono ndi timipando tapulasitiki togwira njanjiyo kamodzikamodzi, akuyeza ndi kachitsulo koyezera mpata nthawi iliyonse.

Pa zogula musapupulume. Musagule injini tsiku loyamba, ndi zodula ndipo simunasankhe muyeso. Ngati manja akuyabwa gulani kiti ya ngolo imodzi yapulasitiki, tizidutswa tolumikiza nokha, mawilo ake, ndi kabotolo ka guluu, mukayese kunyumba pa tebulo. Mukhozanso kutenga magazini akale a Model Railway Journal amene ambiri amagulitsa motchipa pa matebulo a zinthu zogwiritsidwa kale ntchito. Ndipo ngati zakukomerani, tsiku lina mukaone Pendon Museum ku Long Wittenham m'dera la Oxfordshire, kumene anamanga chithunzithunzi cha dera la Vale of White Horse momwe linalili m'ma 1920 ndi 1930, pa njanji za EM, ntchito imene anayambitsa Roye England.

Chomaliza, funsani za njanji za kwathu

Izi ndimafuna wina wa ife azitenge. Njanji za ku Malawi zimatalikirana mamilimita 1067, mafuti atatu ndi theka, chimodzimodzi za ku Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa. Pa muyeso wa mamilimita 4 pa futi zimabwera 14 ndendende, ndipo pa muyeso wa 1:64 zimagwirizana pafupifupi ndi njanji za 16.5 zogula m'shopu, ndi momwe anzathu a ku New Zealand amachitira popeza kwawonso mpata ndi womwewo. Ndiye mukakhala pa tebulo la womanga njanji mufunseni momwe mungamangire za 14, adzakuonetsani, njira yake ndi yomweyo, chosintha ndi kachitsulo koyezera basi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, zithunzi zakale za siteshoni ya Limbe zilipo, ndipo amene mukupita kumudzi chaka chino mukajambule mabogi, nyumba za pa siteshoni ndi mtundu wa dothi la m'mbali mwa njanji, mujambule chapafupi komanso kuchokera m'mbali mowongoka kuti miyeso idzatengeke bwino. Ine ndayamba ndi ngolo imodzi ya katundu, mawilo ndinagula pa chionetsero chapitachi, thabwa lili kuseri kwa chitseko likudikira njanji.