Zoyenera kuchita yunivesite ya kwanu ikamachedwa kulonjeza mwana wanu sikolashipu ya mpira ku America

Makolo ambiri amene ana awo amasewera mpira wa ku America m'sukulu za sekondale amadabwa akaona mayunivesite akutali akulonjeza mwana wawo sikolashipu, pamene yunivesite yaikulu ya m'chigawo chawo chomwecho, imene makochi ake amamudziwa bwino mwanayo, ili duu. Musanakwiye kapena kutaya mtima, yambani mwamvetsa kuti kwa kochi, lonjezo lopita kwa mwana wapafupi ndi lolemera kuposa lopita kwa mwana wakutali, chifukwa ndi lovuta kulibweza.

Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'mayunivesite ku America, salola yunivesite kutumiza lonjezo lolembedwa tsiku la 1 Ogasiti lisanafike m'chaka chimene mwana akuyamba kalasi yake yomaliza ku sekondale. Zonse zimene zimanenedwa tsikulo lisanakwane ndi zapakamwa chabe, ndipo sizimanga aliyense. N'chifukwa chake matimu ena amamwaza malonjezo mazanamazana pachaka, chonsecho ana a sekondale amene adzasainidwe ndi ochepa kwambiri. Kochi wa ku Nebraska akalonjeza mnyamata wa ku Georgia, amadziwa kuti mnyamatayo savomera tsiku lomwelo. Lonjezolo ndi njira yongomukopera kuti abwere adzaone sukuluyo. Koma mwana wa ku Omaha, mzinda wa ku Nebraska komweko, amene wakula akuvala malaya ofiira a timuyo akhoza kuvomera foni isanadulidwe, ndipo malo amodzi amakhala apita. Timu ikadzapeza wosewera woposa iyeyo n'kufuna kubweza mawu, kochi wa ku sekondale amakhumudwa, amauza anzake, nkhani imafika pa wailesi ndi m'nyuzipepala za m'deralo, ndipo chaka chamawa kochi wa yunivesite yemweyo ayenera kukagogodanso pakhomo pa sukulu yomweyo kukafuna mwana wina. Ku Texas, kumene makochi a sekondale ali ndi bungwe lawo lamphamvu la Texas High School Coaches Association, palibe yunivesite imene imafuna kudana nawo.

Zifukwa zina n'zosakoma kumva. Makochi amaganiza kuti mwana wa kwawo adikira, choncho amayamba athamangitsa akutali. Amadziwanso kuti m'mayunivesite a boma wophunzira wa m'chigawo momwemo amalipira fizi yotsika kuposa wochokera kunja, ndiye amayembekezera kuti banja lake livomera kuti alowe m'timu ngati walk-on, wodzilipirira yekha. Komanso kuyambira mu 2018, pamene panakhazikitsidwa transfer portal, mndandanda umene osewera ofuna kusamukira ku yunivesite ina amalembetsamo maina awo, timu ikhoza kusunga malo n'cholinga chodzatenga wosewera wokhwima kale wochokera ku yunivesite ina.

Choyamba kuchita ndi kufunsa mosapita m'mbali, ndipo woyenera kufunsa bwino ndi kochi wa mwana wanu ku sekondale, popeza makochi a yunivesite amaopa kumunamiza iyeyo kusiyana ndi kholo. Afunse kuti timuyo ikufuna osewera angati pa malo amene mwana wanu amasewera, angati avomera kale, ndiponso mwana wanu ali pa nambala yanji pa mndandanda wawo. Ngati lonjezo laperekedwa, kaya ndi kwanu kaya ndi kutali, funso lofunika ndi lakuti: kodi akavomera lero, mumulandira? Yankho lozungulirazungulira, monga lakuti tikufuna timuonenso kaye, likutanthauza kuti lonjezolo silinafike povomerezeka, ndipo musaliwerengere.

Kenako mupititseni ku kampu ya yunivesiteyo m'mwezi wa Juni. Kumeneko amamuyeza msinkhu ndi kulemera kwake, amamuthamangitsa mayadi 40 ali ndi wotchi m'manja, ndipo kochi wa malo ake amaimirira pafupi n'kumamuuza chochita kuti aone ngati akumva malangizo msanga. Ana ambiri a m'chigawo amalandira lonjezo lawo madzulo a tsiku lotere, muofesi ya kochi wamkulu, thukuta lisanaume. Asapite atatopa ndi makampu ena otsatizana, chifukwa nthawi imene angathamange tsikulo ndi imene ilembedwe pafupi ndi dzina lake. Vidiyo ya masewero ake pa Hudl, tsamba la pa intaneti limene makochi amaonerapo osewera, ikhale yaifupi, yoyamba ndi zimene anachita bwino koposa, ndipo muikonzenso akangosewera masewero oyambirira a chaka chomaliza. Za m'kalasi musazinyalanyaze: Division I, gawo lapamwamba la NCAA, imafuna maphunziro 16 ovomerezeka ndi GPA (avereji ya magiredi) yosachepera 2.3, ndipo magiredi okayikitsa amapatsa kochi chifukwa chabwino chozengerezera.

Pamene mukuchita zonsezi, musaonetse kuti mtima wa mwana uli pa sukulu imodzi yokha. Malamulo amalola maulendo olipiridwa ndi yunivesite kuyambira pa 1 Epulo mwana atatsala pang'ono kulowa kalasi yomaliza ya sekondale, ndiye pitani kumene mwaitanidwa, ngakhale ku matimu ang'onoang'ono a FCS, gulu lachiwiri mu Division I. Palibe chimene chimadzutsa makochi a kwanu msanga kuposa kumva kuti timu yopikisana nayo yalonjeza mwana wa pakhomo pawo. Ine ndimaona kuti mabanja ambiri amalakwitsa apa, pokana sukulu imene ikuwafunadi chifukwa chodikira imene ikungowamwetulira, kuiwala kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Drew Brees anakulira ku Austin ndipo anapambana chikho cha chigawo ndi sukulu ya Westlake mu 1996, koma University of Texas, ya mumzinda momwemo, sinamupatse sikolashipu. Anapita ku Purdue, ndipo pambuyo pake anapambana Super Bowl, chikho chachikulu cha ligi ya akatswiri, ndi timu ya New Orleans Saints.

Dziikireni tsiku lanulanu losiyira kudikira. Kusaina koyambirira kwa mapepala a sikolashipu kunayamba mu Disembala 2017, ndipo kuyambira 2024 kumatsegulidwa Lachitatu loyamba la mweziwo. Matimu akuluakulu amadzaza malo awo ambiri nthawi imeneyi, moti tsiku lakale la mu Febuluwale limapeza malo otsala ochepa. Ngati pofika pakati pa nyengo ya masewero ya chaka chomaliza yunivesite ya kwanu sinanenebe zomveka, vomerani kwina kumene lonjezo lili lotsimikizika. Ikadzabwera mochedwa mwana asanasaine, akhoza kusintha maganizo, koma aimbire yekha foni kochi amene akumusiyayo nkhani isanafike pa intaneti.

Akakupatsani mwayi wa walk-on, werengerani ndalama mofatsa. J.J. Watt anasiya sikolashipu ku Central Michigan n'kubwerera kwawo kukalowa timu ya Wisconsin modzilipirira mu 2008, ndipo zinamuyendera, koma zinthu zasintha. Kale timu ya FBS, gulu la matimu akuluakulu, inkaloledwa masikolashipu 85 n'kuwonjezerapo odzilipirira ambirimbiri, pamene mgwirizano wothetsa mlandu wa House, wokhudza kulipira osewera a m'mayunivesite, umene khoti linavomereza mu Juni 2025, unaika malire a osewera 105 pa timu yonse m'mayunivesite amene analowa m'mgwirizanowo. Choncho funsani ngati malo a mwana wanu ali mkati mwa 105 amenewo, funsani kuti ndi odzilipirira angati amene anapatsidwa sikolashipu m'zaka zapitazi, ndipo muyerekeze fizi ya zaka zinayi ndi zimene sukulu ina yalemba papepala.