Kasinja wa matani 30 sangayandame pamwamba pa dothi

Pa ma diorama (tizithunzi toumba pa thabwa, toonetsa kasinja wamng'ono wa pulasitiki ali pa nthaka yake) a anthu amene angoyamba kumene ntchitoyi, amene amaonetsedwa pa zionetsero, vuto ndi limodzimodzi tebulo ili ndi linalo. Kasinja wamangidwa bwino, penti wake ndi woyenera, dzimbiri ndi fumbi zili m'malo mwake. Koma mukawerama n'kuyang'ana chapansi, diso lili pamzere umodzi ndi thabwa, mukuona kuwala kukudutsa kunsi kwa matcheni amene kasinja amayendera. Kasinjayo sanaponde dothi. Wangosanjikidwa pamwamba ngati mbale pa shelefu.

Gwero lake si kusowa luso ayi. Ndi ndondomeko ya ntchito imene yatembenuzidwa. Munthu amatha miyezi iwiri pa kasinja, kumata, kupala, kupenta, kenako n'kukumbukira kuti pakufunika nthaka yoti aimepo. Nthakayo amaipanga usiku umodzi, n'kuisiya iume gwa, m'mawa mwake n'kuikapo kasinja. Pamenepo zatha kale, chifukwa dothi louma silingalandirenso tcheni.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa ambiri amati kampatako n'kakang'ono, palibe angakaone. Pa sikelo ya 1/35, milimita imodzi pa thabwa lanu ikuimira mamilimita 35 enieni. Choncho kampata ka mamilimita 2 kunsi kwa tcheni ndi mpata wa masentimita 7, woti munthu angalowetsemo dzanja lonse. Mwa akasinja a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, Sherman M4 ankalemera matani pafupifupi 30. T-34 woyamba uja anali wa matani pafupifupi 26, pamene Tiger I ankapitirira matani 50. Matcheni ankapangidwa otambalala kuti agawe kulemerako, a T-34 mamilimita 500 m'lifupi, a Tiger opitira kunkhondo mamilimita 725, koma kugawa katundu si kumuchotsa. Chitsulo chotere chikaima pa dothi lofewa chimamira ndithu. Chikamira masentimita 10, pa thabwa lanu ndi mamilimita 3. Chikamira m'matope masentimita 30, ndi mamilimita 8 kapena 9, moti theka la tcheni la pansi siliyenera kuoneka n'komwe.

Wanu wa pulasitikiyo salemera ngakhale theka la kilogalamu. Sadzamira yekha. Womumiza ndinu, ndipo mpata wake ndi umodzi wokha, pamene dothi lidakali lofewa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi mtengo wa cholakwachi, chifukwa sichithera pa kuoneka moipa basi. Munthu akazindikira kuti kasinja akuyandama amayamba kukonza, ndipo kukonzako ndi kumene kumawononga ntchito ya miyezi. Wina amathira guluu wa superglue kunsi kwa matcheni n'kukanikiza. Guluuyo amasiya chifunga choyera pa penti, ndipo ngati pansi pali foam (pulasitiki yopepuka yosemera zitunda) wosakutidwa, amamudya n'kusiya dzenje. Wina amakanikiza mwamphamvu mpaka timikono togwira mawilo tathyoka. Winanso amapaka phala lina loumbira nthaka m'mbali mwa matcheni kuti atseke mpata, ndiye mumapeza kamzere ka matope kozungulira kasinja ngati wamatidwa ndi dala, kumbuyo kwake kulibe chidindo ngakhale chimodzi chosonyeza kumene wachokera.

Mlimi wina wachikulire anaperekeza ku chionetsero mdzukulu wake amene anamanga diorama ya T-34 woima m'munda wamatope. Mnyamatayo analimbikira zedi, mpaka anaika matope pa mawilo ndi chipika m'mbali mwa kasinja. Agogowo anayang'ana nthawi yaitali osayankhula, kenako anafunsa kuti, "Iwe, chimenechi ukuti chimalemera bwanji?" Mnyamata anati, "Matani 26, agogo." Iwo anapukusa mutu. "Thirakitala siifika ngakhale matani 4, koma ikalowa m'munda mvula itagwa imasiya ngalande ziwiri zoti madzi n'kuimamo sabata yathunthu. Nanga ichi chafika bwanji pakati pa munda apa? Chachita kugwa kuchokera kumwamba?" Munthu woti sanagwirepo burashi ya penti anaona m'mphindi imodzi chimene womanga sanachione m'miyezi itatu. Mnyamatayo atabwerera kunyumba anatenga mpeni kuti agobe ngalandezo pa pulasitala wouma amene anaumbira nthakayo. Pulasitala anabenthuka, choyera cha mkati chinaonekera, mng'alu unayenda mpaka kumphepete, ndipo thabwa lonse analitaya.

Kupanga nthaka mothamanga kumabweretsanso mnzake wa vutoli, amene ndi kupindika kwa thabwa. Pali chizolowezi chakale chimene sichikufuna kutha: kutenga thabwa la MDF (lopangidwa ndi utuchi wopanikiza) kapena plywood losapaka kanthu, kusakaniza plaster of Paris wodzadza mbale, n'kukhuthulirapo mulu wokhuthala masentimita awiri kapena atatu kuti pakhale kaphiri. Ndani anakuuzani kuti phiri limaumbidwa ndi pulasitala? Pulasitala amalimba m'mphindi zosakwana 30, ndipo anthu amaganiza kuti kulimba ndiye kuuma. Ayi. Madzi amakhalabe mkatimo masiku angapo, ndipo thabwa limawamwa mbali imodzi yokha. Mbali yonyowayo imatupa, ya pansi ili chikhalire, ndiye thabwa limapindika. Likamadzauma limakokanso kubwerera, pulasitala sangapindike nalo, amang'aluka kapena kumatuka m'makona. MDF ikatupa m'mphepete siibwereranso mwakale. Ndiye taganizani: ngakhale kasinja anakhala bwino tsiku loyamba, pakatha masabata awiri pansi pasintha, ndipo ngodya imodzi ya tcheni ili m'mwamba. Phala la mapepala, longa Celluclay, ndiye limakoka kwambiri pouma chifukwa limanyala. Mukalipaka mokhuthala, m'mphepete mwake mumapindikira m'mwamba ngati chikopa chouma.

Tsono pali nkhani ya mawilo, imene oyamba ambiri saiganizira mpaka mochedwa. Akasinja ambiri a pulasitiki amapangidwa kuti mawilo onse akhale pamzere wowongoka, ngati kasinja waima pa simenti. Timikono ta mawilo timakhala ndi kachikhomo kotigwira pamalo amodzi. Inu mukamata zonse choncho, kenako n'kupanga nthaka yokwera ndi yotsika, mawilo awiri okha ndi amene agunde pansi, ena onse ali lende. Kasinja weniweni satero. Pa T-34 pali mawilo asanu mbali iliyonse, ndipo lililonse limakwera ndi kutsika palokha potsata nthaka. Ngati mukufuna kasinja akukwera mtumbira kapena chipika, chisankho chimenecho chiyenera kuchitika musanamate wilo ngakhale limodzi. Mumadula tizikhomo tija, kuika kasinja pa nthaka yake, kulola kamkono kalikonse katsike mpaka wilo ligunde, n'kumata pamenepo. Matcheni a labala aja obwera ngati lamba mmodzi salola zimenezi mosavuta chifukwa amakoka mawilo kubwerera pamzere. Pamafunika matcheni olumikiza chidutswa chimodzichimodzi. Kwa diorama yoyamba, kunena zoona, pangani malo oima kasinja akhale athyathyathya, zokwera ndi zotsika zikhale m'mbali mwake. Palibe manyazi pamenepo.

Asilikali nawo akuyandama chimodzimodzi. Msilikali wa mamita 1.75 pa 1/35 ndi wamtali mamilimita 50, ndipo chidendene chake chikakwera ndi milimita imodzi yokha amaoneka ngati akuvina. Enanso mpaka lero akusiya timabwalo ta pulasitiki tija tobwera kunsi kwa mapazi, n'kutikwirira ndi udzu poganiza kuti tabisika. Sitibisika. Dulanipo, boolani chidendene, lowetsani waya wa brass wa milimita 0.8 wotsala kunja sentimita imodzi, ndipo nsapato ikanikizidwe m'dothi lofewa monga mwachitira ndi tcheni.

Sindisiya kutchula za mtundu, chifukwa ndi mwana wa vuto lomweli. Kasinja akapentedwa yekha mwezi wathunthu nthaka isanaganiziridwe, fumbi la pa matcheni limakhala la mtundu wina, dothi la pansi la mtundu wina. Mumapeza matope akuda pa mawilo pamene kasinja waima pa mchenga woyera wa ku El Alamein ku Egypt mu 1942. Kapena fumbi lachikasu la chilimwe cha ku Kursk ku Russia mu July 1943 lili pa kasinja amene wazunguliridwa ndi matope onyowa a nyengo ya mvula. Diso limagwira zimenezi msanga, ngakhale la munthu wosadziwa mbiri ya nkhondoyo. Dothi la pansi ndi la pa tcheni liyenera kuchokera m'kapu imodzi, tsiku limodzi.

Thabwa lalikulu limakulitsa zonsezi. Woyamba amafuna kuikapo zonse zimene ali nazo, akasinja atatu, nyumba yogumuka, mlatho, ndiye amatenga thabwa la masentimita 60. Thabwa lotere limapindika msanga, ndipo phala limauma mbali ina musanafike mbali inayo, moti nthawi yokanikiza kasinja imakudutsani. Sherman pa 1/35 ndi wamtali masentimita pafupifupi 17. Thabwa la masentimita 25 kwa 20 limukwanira pamodzi ndi asilikali awiri kapena atatu. Musapitirire kukula kwa pepala la A4, limene pa sikelo imeneyi likuimira kale malo a mamita oposa 10 kwa 7.

Za kumata ndi kupenta kasinja sindinenapo, zimenezo mukuzidziwa. Chimene muchite n'chakuti, mukangomaliza thupi la pansi ndi matcheni, imani kaye. Jambulani thabwa lanu pa pepala, ikanipo kasinja mopingasa pang'ono, osati molingana ndi mphepete, ndipo lembani pamene adutsa. Musanatseke thupi lake, boolani pansi pake n'kumata nati ya M3 kapena M4 (ya bawuti ya mamilimita 3 kapena 4) mkati ndi guluu wa epoxy, kuti pomaliza bawuti yochokera kunsi kwa thabwa idzamukokere pansi pang'onopang'ono.

Thabwa lipakeni vanishi kawiri, pamwamba, pansi ndi m'mphepete monse, osati pamwamba pokha. Zitunda ndi maenje pangani ndi XPS foam yomata ndi guluu woyera wa PVA, n'kusema ndi mpeni. Penti wa m'chitini chopopera asakhudze foam yosakutidwa, amaisungunula. Phala la pamwamba lisapitirire mamilimita 3 mpaka 5, kupatula pamene pakhale matope akuya. Sakanizani pulasitala, PVA pang'ono, dothi losefa ndi penti wa acrylic wofiirira, kuti pakadzabenthuka pasaoneke choyera. PVA amachedwetsanso kulimba, zimene zikupatsani mphindi zina zogwirira ntchito. Dothi lochokera panja liyambe laumitsidwa mu uvuni kuti lisadzachite chuku, ndipo lisefedwe ndi sefa ya tiyi, pokumbukira kuti kamchenga ka milimita imodzi ndi mwala wa masentimita atatu ndi theka.

Phala likayamba kugwirana koma chala chikadalowa, yalanipo pulasitiki yopyapyala yokutira zakudya ija, ikani kasinja n'kukanikiza mogwira thupi, osati mawilo. Kumbuyo kwake dindani njira ndi chidutswa chotsala cha tcheni mpaka kumphepete kwa thabwa, mizere iwiri yotalikirana mofanana ndi matcheni ake, ndipo dothi lotumphuka m'mbali mulisiye choncho. Dindaninso mapazi a asilikali nthawi yomweyo. Chotsani kasinja ndi pulasitiki ija, thabwa liume masiku atatu kapena anayi pamalo athyathyathya, kutali ndi dzuwa ndi moto. Sungani phala louma losakaniza kale m'kabotolo, limenelo ndi limene mudzapake pa matcheni ndi mawilo. Udzu wochita kupanga wa static grass wa mamilimita 2 ukuimira wa masentimita 7, wa mamilimita 6 ukuimira wa masentimita 21, ndipo m'njira ya matcheni ukhale wogona, wosakanikirana ndi dothi.

Tsiku lomanga bawuti, zimitsani nyali, ikani tochi kuseri kwa kasinja n'kuyang'ana chapansi. Pamene pakudutsa kuwala, lowetsanipo phala lomwe lija ndi nsonga ya burashi yonyowa, pang'onopang'ono, mpaka kuwalako kutsekeke.