Mapesi mwawotchanso, nthaka idya chiyani?

Sabata yatha ndimatsika kuchokera ku Namwera kupita ku boma la Mangochi pa njinga yamoto, ndipo njira yonse utsi unali tolotolo m'minda. Ena awunjika mapesi pakati pa munda n'kuyatsa, ena angoponya moto m'malire n'kumapita kunyumba, motowo n'kudya mpaka timisangu timene tinamera dzinja lathali. Zandipweteka kwambiri, chifukwa nkhaniyi tinakambirana m'magulu athu a alimi nthawi yokolola ndipo aliyense anavomera.

Phesi limene mwawotchalo ndi feteleza amene munagula ndi ndalama zanu. Chimanga chinayamwa chakudya m'nthaka, china chinapita ku njere, china chinatsala m'phesi ndi m'masamba. Mukayatsa moto, nayitirojeni amapita ndi utsi, yemweyo amene mwezi wa Disembala mudzamufunefune m'thumba la Urea pamtengo woboola m'thumba. Mumati phulusa ndi manyowa. Phulusalo mphepo imaulutsa, lotsala mvula yoyamba imakokolola. Dothi lathu la kunyanja kuno ndi lamchenga, silisunga madzi, ndiye mukalisiya lamaliseche padzuwa la Okutobala limapsa, nyongolotsi ndi tizilombo tofewetsa nthaka n'kuthawa. Mvula ikagwa, dothi la pamwamba limatsetserekera m'mitsinje mpaka mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe, komwe asodzi akulira kale kuti nsomba zasowa. Kumunda kumatsala kaufiti.

Ndatopa nako kumva kuti "makolo athu ankawotcha". Makolo ankawotcha inde, koma munda ukatopa ankausiya ugonere zaka zingapo n'kukatsegula wina. Inu muli ndi malo ena oti mukatsegule? Enanso amati mapesi amaitana chiswe. Chiswe chikapeza zinyalala zouma pansi chimatanganidwa nazo. Chimavuta kwambiri pamunda wosesedwa mbee, pomwe chakudya chake n'chimanga chanu chokha.

Bambo wina wa ku Nankumba anandiimitsa pamsika mwezi wathawu. Anati, "Alangizi, chaka cha chilala chija ine sindinawotche, osati chifukwa cha malangizo anu ayi, ndinadwala nthawi yososa. Ana anangogoneka mapesi m'mizere. Mvula itadula, chimanga cha anzanga chinapota masamba, changa chinapirira mpaka mvula inabweranso." Amanena za 2024, pamene nyengo yodula mvula yotchedwa El Niño inaumitsa minda mpaka boma linalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28. Kuchokera pamenepo bamboyo anasiyiratu kuwotcha. Koma chaka chino moto wochokera m'munda wa mnzake wa pamalire walowa usiku n'kupsereza zophimbira zake zonse. Pondiuza, misozi inali m'maso.

Utsi umenewu ulinso m'malonjezo a dziko lathu. Malawi anavomereza pangano la ku Paris la 2015 lolimbana ndi kusintha kwa nyengo, ndipo mu 2021 boma linalonjeza kuti pofika 2040 mpweya wotenthetsa dziko umene tingatulutse tidzauchepetsa ndi 51 pa 100 alionse. Mwa iyi, 6 ndi imene tinati tichita ndi mphamvu zathu, 45 ikudikira thandizo la kunja. Tinalonjezanso kubwezeretsa mahekitala 4.5 miliyoni a nthaka ndi nkhalango zoguga pofika 2030. Mahekitala amenewo sali ku Lilongwe muofesi, ndi minda yathuyi, ndi mapiri a Namizimu ndi Phirilongwe amene moto wothawa m'minda umalowamo chaka ndi chaka. Ndikudziwa, utsi wa Malawi ndi wochepa zedi poyerekeza ndi wa China kapena America, ndipo namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 sitinamuitane ndife. Mayiko olemerawo ali ndi mlandu wawo. Koma kaboni wa m'mapesi amene mwamutumiza kumwamba ndi utsiyo akanakhala m'dothi lanu, n'kumagwira chinyezi mvula ikadula mu Januwale, ndipo woyamba kuluza ndinu eni munda.

Amene simunawotche, gonekani mapesi pansi aphimbe dothi, kapena akwirireni m'mizere msanga kuti awole mvula isanafike. Ngati mbuzi ndi ng'ombe zikuvuta, tutani mapesiwo mukadyetsere m'khola, ndowe ibwerere kumunda. Lambulani njira yotchinga moto m'malire, ndipo nkhani ya moto wa usiku mupite nayo kwa amfumu, ikhale ndi chindapusa. Amene mwawotcha kale, sonkhanitsani udzu, masamba ndi ndowe mupange kompositi tsopano lino, ndipo timitengo tophukira pazitsa musatidule. Kapangidwe ka manyowa a Mbeya tidzaonetsana pamsonkhano wa gulu, mubwere ndi phulusa, gaga ndi thumba la pulasitiki.