Momwe mungatetezere mawu kuti asasinthe mwangozi pokonza vidiyo

Ndinachezera usiku wonse kukonza vidiyo ya mphindi 12. Nditaitulutsa, ndinamva kuti pakati penipeni mawu a munthu amene ankalankhula angotsika ngati akunong'ona. Zinandipweteka, chifukwa palibe chimene ndinasintha dala. Posuntha kachidutswa ka mawu pa timeline (malo amene mumayalapo zidutswa za vidiyo ndi mawu), mausi inagwira kamzere kopyapyala kodutsa pakati pa kachidutswako n'kukakokera pansi. Kamzere kameneko ndiye kamakweza ndi kutsitsa mawu, ndipo kali m'mapulogalamu okonzera vidiyo a Premiere Pro, DaVinci Resolve komanso Final Cut Pro.

Choyamba, kabiseni. Mu Premiere Pro, dinani kachizindikiro ka sipanala pamwamba pa timeline, muchotse chongera pa Show Audio Keyframes. Kamzereko sikaonekanso, ndiye mutha kukoka zidutswa mmene mufunira. Mukafika nthawi yokonza mawu, mukabwezeretse.

Kenako tsekani track (mzere wa zidutswa pa timeline) iliyonse imene mwathana nayo. Kumanzere kwa track kuli kaloko kakang'ono. Mukakadina, palibe chimene chingasinthe pamenepo. Koma samalani apa. Track yotsekedwa siyenda limodzi ndi zinzake, choncho mukadula chithunzi n'kukokera zotsala kumbuyo, mawu otsekedwawo amatsala pomwepo, ndipo milomo ya wolankhula imayamba kutsogola mawu ake. Ine ndimatseka nyimbo zakumbuyo basi, koma mawu a anthu ndimawatseka pamene ndamaliziratu kudula.

Kiyibodi nayo imasokoneza mwakachetechete. Mu Premiere Pro, mabatani a [ ndi ] amatsitsa kapena kukweza mawu a kachidutswa kosankhidwa ndi 1 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu), ndipo mukawadina pamodzi ndi Shift amasintha ndi 6 dB. Kusintha kwa 1 dB khutu silikugwira msanga, n'chifukwa chake mumazindikira mochedwa. Ngati mabataniwa simuwagwiritsa ntchito, tsegulani Keyboard Shortcuts muwachotse.

Amene mumagwiritsa ntchito Audio Track Mixer (malo osinthira voliyumu ya ma track mu Premiere Pro), yang'anani kuti track iliyonse ili pa Read. Ikakhala pa Write, Latch kapena Touch, pulogalamu imalemba kusuntha kulikonse kwa kabatani ka voliyumu pamene vidiyo ikusewera, ngakhale mutangokakhudza poyesa.

Mukakayikira kachidutswa kena, kadineni mutsegule Effect Controls muone nambala ili pa Level. Kamene simunakasinthe kamakhala pa 0.0 dB. Mukapeza nambala yachilendo ngati -3.7, dziwani kuti dzanja linaterereka. Mukaona nthawi yomweyo, Ctrl+Z, yobwezera zimene mwangochita, ikukwanirani. Mukachedwa, ingolembani nambala yoyenera pamanja.

Musanatulutse vidiyo, valani mahedifoni, muimvetsere yonse kuyambira poyamba mpaka kumapeto, manja atachoka pa mausi, maso ali pa mita ya mawu.