Kusintha shafuti yakutsogolo ya Toyota Hilux 4x4

Mwafunsa za shafuti (chitsulo chopereka mphamvu yozungulitsa tayala lakutsogolo) yomwe ikulira "kho-kho-kho" pokhota. Musanayambe, pezani shafuti yatsopano, jeke, masitandi, soketi ya 35mm, torque wrench (sipanala yoyeza mphamvu yomangira nati), chitsulo chotemulira, oyilo wa difu (bokosi la magiya logawa mphamvu ku matayala) wa mtundu wa GL-5 ndi pini yatsopano.

1. Kwezani galimoto, muikhazike pa masitandi, muchotse tayala. Jeke yekha musamukhulupirire.
2. Chotsani kachivundikiro ka pakati pa habu (pomwe pamamangidwa tayala) ndi pini yotchinga nati. Wina aponde buleki, inu mumasule nati yaikulu ya pakati.
3. Khetsani oyilo wa difu. Yambani mwamasula bawuti yothirira, kuopa kukhetsa oyilo kenaka n'kupeza pothirira pakana.
4. Masulani mabawuti a ball joint yam'munsi (mfundo yomwe habu imatembenukirapo pokhota), mukankhire habu kunja. Waya wa ABS (makina oletsa matayala kugwidwiratu poponda buleki) ndi paipi ya buleki zisakokeke.
5. Temulani mutu wam'kati wa shafuti kuti uchoke mu difu.
6. Ambiri amalakwitsa apa. Kumapeto kwa shafuti kuli kamphete ka waya. Kapakeni girizi, potseguka pake payang'ane pansi. Lowetsani shafuti mowongoka, isakhule labala yotchinga oyilo, chifukwa ikang'ambika difu iyamba kudontha ndipo mudzaphwasulanso zonse. Kankhani mpaka kamphete kagwire, kenaka kokani mutu wam'katiwo ndi manja. Ukatuluka, sunalowe bwino.
7. Bwezerani habu ndi mabawuti. Pa Hilux yoyambira 2005, nati yaikulu imangidwe 235 Nm pa torque wrench, osati mongoyerekeza ndi paipi yolumikiza ku sipanala. Ikani pini yatsopano.
8. Thirani oyilo mpaka ayambe kusefukira pothirira, mubwezere tayala, muyendetse pang'ono n'kusuzumira pansi ngati pakudontha.