Tsekani zitseko za mapanelo a servo, mvula yafika

Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kwatisiyira chizolowezi choipa m'mafakitale a tiyi ndi makadamiya kuno ku Thyolo ndi ku Mulanje. Drive ya servo, chipangizo chamagetsi cholamulira liwiro ndi kayendedwe ka mota ya makina, ikangoliza alamu ya kutentha, amisiri akutsekula chitseko cha panelo (bokosi limene drive imakhalamo), kuchitchinjiriza ndi njerwa, n'kuimika fani ya mu ofesi kuti izipemerera mkati. Makina opakira ayambanso kuyenda, akapitawo asangalala. Lero mvula yagwa, koma zitseko zija zikadali pululu.

Fani imeneyo sikuti ikungolowetsa mphepo ayi, ikuthira fumbi la tiyi pa bolodi ya drive. Likakhala louma limangotseka timipata ta heat sink (chitsulo chochotsa kutentha mu drive), kutentha kuja n'kumaonjezeka. Zoopsa zimabwera likayamwa chinyezi cha dzinja, chifukwa pamenepo limayamba kudutsitsa magetsi pamene sayenera kudutsa. Drive yolumikizidwa ku 400V imasunga pafupifupi 560V DC m'makapasita ake. Mphamvu yotere ikapeza kanjira pa fumbi lonyowa, ma IGBT, omwe ndi masiwichi a m'kati mwa drive opereka magetsi ku mota, amapsa kamodzin'kamodzi. Nalimata ndi makoswe ofuna pofunda nawonso apeza khomo.

Ndipo si nthawi zonse pamene drive imaphulika. Servo imadalira encoder, kachipangizo koyeza kuzungulira kwa mota, kuti idziwe pamene shafiti yafika. Pulagi ya encoder ikachita dzimbiri, uthenga umafika modukizaduka, makina amangoima okha popanda chifukwa chooneka, mpeni uli pakati pa paketi. Pepala lopakira latayika, tiyi ali mbwee pansi, mnyamata woyendetsa makina ndiye akukalipiridwa.

Ukawafunsa akulu ena, yankho n'lomweli: "Takhala tikutero kuyambira kale." Inde, kale lija munali ndi mota wamba yolizidwa ndi sitata ya star-delta ndi ma contactor (masiwichi aakulu a magetsi) amene mumangowapukuta ndi sanza Loweruka. Drive ya servo ndi kompyuta. Zanditopetsa kuona anthu odziwa ntchito akuisamala ngati sitata ya chigayo. Ikapsa simukaipeza pa shelefu ya hardware ku Luchenza kapena ku Chitakale. Mpaka kuitanitsa ku Johannesburg, mwina ku Germany kapena ku Japan komwe inapangidwa, kudikira ndalama zakunja kubanki, kenako n'kupeza kuti ma parameter a drive yakaleyo, manambala ouza drive mmene iyendetsere makinawo, palibe anawasunga. Zonsezi zikuchitika pakati pa Disembala ndi Epulo, pamene tiyi wambiri wa chaka chonse amathyoledwa.

Bambo wina wolima tiyi pa kamunda kake cha ku Thyolo kuno anandiimitsa pamsika, chipewa chili m'manja. Kampani yaing'ono imene amaigulitsa masamba inachedwa kumulipira chifukwa makina opakira anafa, katundu osapita kwa ogula. Feteleza wobereketsa anakagula chimanga chake chitachita kale ngayaye. Ankandifunsa ngati kumuthirabe kuli ndi phindu, ndipo tinathera nthawi pa nkhani ya chimangayo. Za servo sanamvepo n'kale lomwe, koma njerwa ya pachitseko ija yamudyera nkhokwe.

Tsono chochita n'chosavuta. Alamu ya kutentha nthawi zambiri imatanthauza kuti sefa ya fani ya panelo yatsekeka kapena faniyo yafa. Tsukani sefayo sabata iliyonse, fani yakufa musinthe, labala ya m'mbali mwa chitseko ikang'ambika ikani ina, mabowo a mawaya muwatseke. Ma drive ambiri amafuna mpweya wosapitirira 40°C, ndiye ikani thermometer mkatimo. Musanagwire chilichonse zimitsani magetsi, dikirani mphindi zimene zalembedwa pa drive, muyeze ndi mita kuti makapasita atheratu. Musapope fumbi ndi mpweya wa kompuresa, umakhala ndi madzi. Ma parameter koperani pa laputopu sabata ino.